Nthochi za ku Nyimba ndi Mayeso a Giredi 7

Basi yathu yochokera ku Lusaka itaima pa Nyimba, ana anatizinga, nthochi zili pamutu. Kamtsikana kena kanandibwezera chenji mosaphonya ngakhale ngwee imodzi. Nditakafunsa za mayeso a Giredi 7, kanazyolika n'kuyankha m'Chinsenga kuti Chingerezi chinakagwetsa.

Mawu amenewa anandiperekeza mpaka ku Petauke, kumene ndinacheza ndi mphunzitsi wa pasukulu ina ya kumudzi. Zotsatira za ana ake sizinali zonyaditsa, koma iye sanadzudzule anawo. Taonani katundu amene mwana wa Chinsenga wasenza. Kunyumba amati manzi. Ndondomeko ya 2014 inamuphunzitsa m'Chinyanja mpaka Giredi 4, nati madzi. Tsono mafunso a masamu ochokera ku Examinations Council of Zambia anamupeza m'Chingerezi. Zilankhulo zitatu, mutu umodzi!

Boma litathetsa malipiro a sukulu mu 2022, ana anachuluka, ena n'kukhala pansi. Ife makolo tinakondwera, ndipo n'koyenera. Koma mphunzitsiyo akadali yekha m'kalasi.

Pobwerera ndinakafunafuna kamtsikana kaja pa Nyimba. Ndinapeza mng'ono wake, atasenza nthochi, nthawi ya sukulu.