Magazi Amaona Utsi, Sachula Woyatsa Moto

Mwana amene akutsegula m'mimba kuno kwathu sadabwitsa munthu. Timati ndi madzi a pacitsime kapena mango osapsa, ndipo nthawi zambiri timalondola. Mwana wa mlongo wanga anayamba motero ali ndi zaka 9, koma iye sanaleke. Mimba inali kupota usiku, cimbudzi nthawi zina cinali ndi magazi, ndipo yunifomu ya giredi 4 inali kumukwanabe ali giredi 6. Anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, a kamwazi, a malungo. Agogo ake anayamba kuchula maina a anthu a m'mudzi.

Ine ndine malume wake, ndipo mapepala a kucipatala amabwera kwa ine. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kuti pali manambala asanu amene madokotala amayamba kuyang'ana akaganizira matenda otupitsa matumbo, amene ali mitundu iwiri ikuluikulu, Crohn's disease ndi ulcerative colitis. Haemoglobin imatsika cifukwa mwana akutaya magazi ndipo matumbo sakuyamwa bwino ayironi. Albumin imatsika cifukwa zomanga thupi zikudontha pa zilonda za m'matumbo. CRP, imene ciwindi cimapanga thupi likatupa penapake, imakwera m'maola ocepa. Ma platelet nawo amakwera. Imene inandikondweretsa ndi ESR, cifukwa ca kuphweka kwake: amaika magazi m'kacubu koima, nadikira ola limodzi, nayeza mamilimita amene maselo ofiira amira. Thupi likatupa, maselowo amamatana n'kumira msanga.

Vuto n'lakuti manambala amenewa amangonena kuti kwinakwake kukufuka utsi. Taifodi imakweza CRP. TB imakweza ESR. Malungo amacepetsa magazi. Ku maiko kumene matenda amenewa ndi osowa, pepala lotere limamukankhira dokotala ku matumbo msanga. Kuno pepala lomwelo lili ndi eni ake ambiri, ndipo onse ndi odziwika kuposa Crohn. Dokotala wina wacitsikana ndiye anaima pa mzere umodzi, nati, "Bambo, malungo amatsitsa ma platelet, koma a mwanayu ali pamwamba ulendo wacitatu uno." Anamuimika pakhoma, namuyeza msinkhu, nafunsa za kadi lake la kusikelo.

Ngakhale apo njira sinaongoke. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn's, ndipo onse awiri amakonda malo amodzi, pamene thumbo laling'ono likumana ndi lalikulu. Mankhwala a steroid amene amaziziritsa Crohn's amafooketsa citetezo ca thupi, motero ukawapatsa mwana wa TB wamuponya pamoto. N'cifukwa cake dokotala wa kuno amazengereza, ndipo ine sindimuda. Koma mwana ali ndi zaka zowerengeka zokulira. Mafupa akatseka, msinkhu umene wataya subweranso.

Cimene cinandiopsa koposa ndinaciwerenga pambuyo pake. Kafukufuku wa ana a ku America ndi Canada, wofalitsidwa m'magazini ya Pediatrics mu 2007, anayang'ana haemoglobin, ma platelet, albumin ndi ESR. Mwa ana amene ulcerative colitis yawo inali isanakule, oposa theka anali ndi zonse zinayi zili bwino. Kwa a Crohn's yosakula anali mmodzi mwa asanu. Ndiye kuti mau aja otonthoza, akuti magazi ali bwino pitani kunyumba, angathe kunenedwa kwa mwana amene matumbo ake ali ndi zilonda. Wathu tinganene kuti anali ndi mwayi kuti magazi ake anafuula.

Kulinso zoyeza zina za m'magazi, ASCA ndi pANCA, koma pazokha sizigamula mlandu. Calprotectin, imene amayeza m'cimbudzi, imaloza matumbo bwino kuposa magazi, ngakhale nayonso imakwera ndi tizilombo wamba. Cogamula ndi kulowetsa kamera m'matumbo ndi kutapako kanyama kokaona pa maikulosikopu. Ici cinatitengera ku Lusaka, tsiku lathunthu pa basi kucokera ku Chipata, mnyamata atakhala kufupi ndi citseko, osadya kanthu kuopa mimba. Dzina limene tinabwera nalo linali la Burrill Crohn, dokotala wa ku New York amene analongosola matendawa ndi anzake awiri mu 1932. Agogo anayesa kulichula kawiri, nalisiya.

Matendawa satha, amangogona. Tsopano magazi aja ali ndi nchito ina, yolondera. Pakapita miyezi ingapo amamutenga magazi, ndipo CRP ikayamba kukwera timadziwa iye asanadandaule. Mwezi watha anandilanda pepala tili pa benchi, nati, "Amalume, albumin yafika 38." Kenako anafunsa ngati amai ake angamugulire buluku lina, cifukwa lakale layamba kuonetsa akakolo.