Kanema wa Amalume

Amalume atatsika basi yochokera ku Johannesburg pa Wenela mu Disembala 2021, katundu amene anamuyang'anira koposa sanali sutikesi ayi, koma chikatoni chachitali chimene anyamata awiri anachinyamula mosamala ngati odwala. Ine n'kuti ndili pafupi kulowa Folomu 4, ndipo mayi anali atandinong'oneza kuti fizi yanga idzachokera kwa alongo awowo. Titafika kwathu ku Chilomoni, m'katonimo munatuluka kanema wa mainchesi 65. Mtengo wake sanautchule, koma ine ndinaona fizi yanga ikupachikidwa pakhoma.

Ngakhale ndinamuda kanemayo, sindinganame: anali wokongola. Kuwala kwa galasi amakuyeza ndi muyeso wotchedwa nit. Kanema wamba amafika cha m'ma 300, pamene uyu ankapitirira 1,000, kaamba koti kuseri kwa galasi lake kuli tinyali tambirimbiri, ta Mini-LED, timene timayaka ndi kuzima m'magulumagulu. Tsono masana dzuwa likuswa mtengo, zenera lili pululu, chithunzi chinkaoneka bwinobwino, osafuna kutchinga ndi chitenje monga tinkachitira ndi kanema wakale. Timadontho topanga chithunzi tinalipo toposa 8 miliyoni, mwakuti wosewera mpira akatuluka thukuta, unkaliona likuyenderera. Mayi, amene anakula dziko lino lilibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka mu 1999, ankangogwira pakamwa.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Usiku kuwala komweko kunkalasa m'maso, ndipo agogo ankakhala chofulatira, amvekere, "Mwandibweretsera mphezi m'nyumba." Malemba oyera akatuluka pamdima, ankazunguliridwa ndi kankhungu ngati mwezi wa m'dzinja. Wokhala chakumbali ankaona mitundu yofwifwa, ndipo mawu ake anali ang'ono posiyana ndi thupi lake. Choposa zonse, kanemayu ndi mlendo wosankha ndiwo. Ukamupatsa mapologalamu wamba, amakuza zilema zonse, nkhope za owerenga nkhani n'kumaoneka ngati zopaka phala. Kuti aonetse mphamvu zake amafuna mafilimu a 4K a pa intaneti, amene amatha kudya ma GB 7 pa ola limodzi. Bandulo imene ine ndinkaisunga mwezi wathunthu, iye ankaimeza filimu isanafike pakati. Mayunitsi a magetsi nawonso anayamba kutha msanga.

Tsiku lomuyesa linali 25 Januwale 2022, pamene timu yathu ya Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon. Amalume anali ataitana anansi onse. Koma namondwe Ana anali atawomba dzulo lake, madzi a mu Shire n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kwathu kunali mdima wa ndiweyani. Tinasonkhana ndithu pabalaza, anthu khumi ndi mphambu, patsogolo pa galasi lakuda bii, tikumvera kawailesi ka mabatire ka agogo. Gabadinho Mhango atachinya chigoli chake chakutali chija, masewero atangoyamba kumene, tinalumpha mumdima n'kugundana mitu. Pomaliza tinagonja 2-1. Chigoli chimene anthu a maiko ena anachiona, ife eni ake tinangochimva ndi makutu.

Alendo atabalalika, ndinawapeza amalume atayatsa kandulo, akupukuta galasilo ndi kansalu kofewa. Mkwiyo wanga unasefukira.

"Amalume, chinthu ichi chatithandiza chiyani?"

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikupukuta magalasi otere m'nyumba za eni ake. Bwana akalowa, ine ndimayang'ana pansi. Ndinafuna kuti tsiku lina ndipukuteko langa, ndikhale pampando, ndionere."

Ndinasowa choyankha. Ndinali nditawerenga mtengo wa kanemayo m'makwacha a fizi yanga yokha, osadziwa kuti mwini wake anamulipira ndi china.

Mwezi wotsatira amalume anabwerera ku Joni, ndipo fizi yanga inafika, mochedwa koma yokwana. Sindinafunse kuti anagona ndi njala masiku angati. Kanema uja akadali pakhoma, mayi anamufunditsa nsalu yoluka kuopa fumbi, ndipo amamuyatsa Lamulungu madzulo magetsi akakhalapo.

Anzanga kuno ku koleji akandifunsa ngati kanema wowala chotere ndi woyenera kugula, ndimati ayambe aonetsetsa zitatu: magetsi odalirika, intaneti yosawerengera, ndi chipinda chimene dzuwa limavutitsadi. Popanda izi, wotchipa akwanira. Koma ndikapita kwathu patchuthi, ndimatenga kansalu kofewa kaja, ndimavundukula galasilo, n'kulipukuta m'malo mwa amalume.