Ululu Umene Unapatsidwa Dzina la Mnzake

Ntchito yomasulira yandiphunzitsa kuti dzina lolakwika limasocheretsa munthu ngati njira yolakwika. Ndi mmenenso zilili ndi matenda. Dzina limene munthu wapatsa ululu wake ndi limene limamuuza mankhwala oti akagule.

Mutu wanga umandipeza kawiri kapena katatu pamwezi, nthawi zambiri mbali ya kumanzere. Umayambira kuseri kwa diso, n'kumagunda ngati munthu akusinja mumtondo. Mphuno ya mbali yomweyo imatseka, diso limalengeza misozi. Ondiona amagamula msanga: ati ndi masainasi, kagule amoxicillin. Agogo anga, amene sankawadziwa mawu amenewa, ankangoti ndi mutu waching'alang'ala. Agiriki akale ankautchula kuti hemikrania, kutanthauza theka la chigaza, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera dzina lakuti migraine.

Chimene chimasokoneza anthu ndi mtsempha wotchedwa trigeminal, umene uli ndi nthambi zitatu: yopita pamphumi ndi diso, yopita patsaya, ndi yopita kunsagwada. Ching'alang'ala chikaudzutsa, mphuno imatseka ndipo nkhope imalemera ngakhale m'timphako ta m'mafupa a nkhope mulibe matenda. Kafukufuku wa ku America wa mu 2004 anaunika anthu pafupifupi 3,000 amene ankati mutu wawo ndi wa masainasi, ndipo 88 mwa 100 alionse anapezeka kuti ndi ching'alang'ala.

Kusiyana kwake kulipo. Timphako tija tikatupadi, mamina amakhala olimba, achikasu kapena obiriwira, fungo silimveka bwino, nthawi zina thupi limatentha, ndipo kawirikawiri zimatsatira chimfine. Ching'alang'ala chimatenga maola 4 mpaka 72, chimabwera ndi nseru, ndipo kuwala ndi phokoso zimasanduka adani. Palinso mutu wina woopsa ululu, wofala mwa amuna, umene umabaya diso limodzi kwa mphindi 15 mpaka maola atatu, tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo. Dzino lobooka nalonso limatha kutumiza ululu mbali imodzi ya mutu.

Ine ndili ndi kabuku. Ndimalembamo tsiku limene mutu wabwera, maola amene ndagona, zimene ndadya, ndi mankhwala amene ndamwa. Kabukuko kanandionetsa adani anga: kudumpha nkhomaliro, kuchezera pakompyuta ntchito ikathina, ndi dzuwa la mu Okutobala. Ndikamva kuti wayamba, ndimamwa madzi ndi Panado msangamsanga, n'kukagona m'chipinda chamdima, kansalu konyowa kali pamphumi. Mphuno ikatseka ndimaitsuka ndi madzi amchere owiritsa ndi kuziziritsa. Mapiritsi ndimawawerenga, chifukwa kumwa opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kumabala mutu wina, wochokera m'mankhwala momwemo. Amoxicillin sachiza ching'alang'ala. Amangothandiza tizilombo kuzolowera mankhwala.

Koma pali mutu wosayenera kuugonera m'nyumba: wobwera mwadzidzidzi ngati mphezi, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, wofooketsa dzanja kapena kupotoza pakamwa, wotupitsa diso, wobwera munthu atagwa kapena kumenyedwa m'mutu, kapena wogwira mayi woyembekezera. Umenewo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Kwathu kuno mutu ukabwera ndi kutentha thupi, kuyezetsa malungo kusachedwe.

Pamzere wa kuchipatala anthu ndi ambiri, ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa. Mukangonena kuti "ndili ndi masainasi", mwamuikira kale mawu m'kamwa. Muuzeni mbali imene ukupweteka, maola amene umatenga, ngati mumachita nseru, mtundu wa mamina, ndi mapiritsi amene mwamwa mwezi uno. Dzinalo alipeze yekha.