Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Nkhani ya Olosera Kamvulumvulu ku Oklahoma

Akuluakulu akale adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ana ambiri amaudziwa mwambi umenewu pamtima, ndipo akafunsidwa m'kalasi amayankha mosadodoma kuti munthu wokuchenjeza ndiye wokufunira zabwino. Yankholo n'lolondola, koma limasiya mbali imodzi. Wotsina khutu naye amakhala ndi mtolo wake. Akanena kuti m'njiramo muli chilombo, anthu n'kulambalala, chilombocho osaoneka, m'mawa mwake amasanduka choseketsa mudzi wonse. N'chifukwa chake ambiri amaona zoopsa n'kukhala chete. Nkhani ya asilikali awiri a ku America, Ernest Fawbush ndi Robert Miller, ikuonetsa kulemera kwa mtolo umenewu.

Pakati pa dziko la America pali chidikha chachikulu chochokera ku Texas, kudutsa Oklahoma ndi Kansas, mpaka ku Nebraska ndi kupitirira. M'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, nyengo yachisanu ikatha, mphepo zitatu zimakumana pamwamba pa chidikhachi. Yofunda ndi yachinyezi imachokera kumwera, ku nyanja ya Gulf of Mexico. Youma imachokera ku zipululu za kumadzulo. Yozizira imatsika kuchokera ku Canada ndi ku mapiri a Rocky. Mpweya wofunda uja ukakwera mwamphamvu umabala mitambo ya mabingu ndi matalala. Ndipo popeza mphepo ya pafupi ndi nthaka imaomba kulowera kwina pamene ya m'mwamba ikuthamangira kwina, mtambo wonse umayamba kuzungulira. Nthawi zina m'munsi mwa mtambowo mumatsika chinthu chooneka ngati chitamba cha njovu, n'kugunda pansi. Eni dziko amachitcha tornado.

Mwana wa ku Malawi amadziwa kamvulumvulu wa m'chilimwe, amene amanyamuka pabwalo louma dzuwa likuswa mtengo, n'kuulutsa masamba ndi udzu wa padenga. Wa ku chidikha chija ndi wina. Amabadwira mumtambo wa mvula, ndipo akakula amazula nyumba ya njerwa n'kusiya maziko okha. Dziko la America limaona akamvulumvulu otere oposa 1,000 pa chaka.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zambiri olosera zanyengo a boma sadali kuloledwa kutchula dzina la chilombochi polosera. M'zaka za m'ma 1880 msilikali wina, John Park Finley, adayesa kulosera akamvulumvulu, koma akuluakulu ake adaletsa, poopa kuti anthu akamva liwulo adzachita mantha n'kuvulazana pothawa. Zotsatira za kukhala chete kumeneku zidaoneka kambirimbiri. Usiku wa pa 9 Epulo 1947 kamvulumvulu adalowa m'tauni ya Woodward ku Oklahoma popanda chenjezo lililonse, ndipo anthu oposa 100 adafa m'tauni imodziyo.

Chaka chisadathe chichitikire zimenezo, Kaputeni Miller adali pantchito yolosera zanyengo pa bwalo la ndege za nkhondo la Tinker, pafupi ndi mzinda wa Oklahoma City. Madzulo a pa 20 Malichi 1948 iye adayang'ana mapu ake ndipo sadaonepo choopsa chachikulu. Usiku womwewo kamvulumvulu adadutsa pabwalopo, naphwanya ndege ndi katundu wa ndalama pafupifupi madola 10 miliyoni. Bungwe lofufuza lidagamula kuti panalibe munthu akadatha kulosera ngoziyo ndi nzeru za nthawi imeneyo. Miller akadafuna, akadapumira pa chigamulo chimenechi. Koma mkulu wa bwalolo, Jenerale Fred Borum, adalamula iye ndi Meja Fawbush kuti afufuze ngati zinthu zotere zimapereka zizindikiro.

Kwa masiku angapo awiriwa adavundukula mapu a masiku akale amene akamvulumvulu adagwa, kuyerekeza chinyezi, kutentha ndi kayendedwe ka mphepo m'mwamba. Ntchito yawo idafanana ndi ya nkhalamba yodziwa mvula, imene imakumbukira mmene thambo lidaonekera tsiku limene mtsinje udasefukira, n'kusunga chithunzicho mumtima. Pa 25 Malichi, patangopita masiku asanu, adaona kuti mapu a m'mawa umenewo akufanana kwambiri ndi a tsiku la ngozi lija. Adakauza Jenerale.

Apa ndi pamene mtolo udalema. Jenerale adawafunsa mosapita m'mbali ngati alengeze kuti kamvulumvulu akubwera. Iwo adazengereza, ndipo zifukwa zawo zidali zomveka. Panalibe amene adalengezapo chenjezo lotere m'nthawi yawo. Kuwonjezera apo, kamvulumvulu amadutsa kanjira kopapatiza, ndipo kuti agunde malo amodzimodzi kawiri m'sabata imodzi chidali chinthu chovuta kuchikhulupirira. Akalakwa, ntchito ya bwalo lonse ikadaima pachabe, ndipo mawu awo sakadamvekanso. Komabe masana, makina a radar ataonetsa mzere wa mitambo ya mabingu ukuyandikira, Jenerale adawafunsanso. Nthawi ya 2:50 masana adalemba chenjezolo. Ndege zimene zikadatheka adazilowetsa m'nyumba zosungiramo, katundu wouluka ndi mphepo adamumanga, ndipo anthu adawasamutsira m'malo otetezeka.

Kenaka padadza nthawi imene wotsina khutu aliyense amaidziwa, nthawi yodikira. Mitambo itayandikira idaoneka yofooka. Miller adapita kunyumba ali wogwa mphwayi, akuganiza kuti mbiri yake yathera pomwepo. Ali kunyumbako adamva pa wailesi kuti kamvulumvulu wagunda bwalo la Tinker. Idali cha m'ma 6 koloko madzulo. Katundu wa madola pafupifupi 6 miliyoni adawonongeka, koma sipadafe munthu ndi mmodzi yemwe.

Pali mfundo imene owerenga ayenera kuigwira bwino. Ulemu wa amuna awiriwa sudachokere pakuti kamvulumvulu adabweradi. Iwo eni adadziwa kuti padali mwayi waukulu pamenepo. Ngakhale mphepoyo ikadadutsa kutali, kulankhula kwawo kukadakhalabe kolondola, chifukwa adanena zimene zizindikiro zidaonetsa, pa nthawi imene kunenako kukadathandiza. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo woona zoopsa akachita manyazi safa yekha.

Zitachitika izi, zinthu zidasintha. Mu 1950 boma lidachotsa chiletso chija, ndipo mu 1952 anthu wamba adayamba kulandira machenjezo a akamvulumvulu. Lero ntchitoyi ili ndi magawo awiri. Akatswiri a ku Storm Prediction Center, m'tauni ya Norman ku Oklahoma, amasanthula zimene mabaluni oyeza mpweya, masetilaiti ndi makompyuta akuonetsa, n'kulengeza kudakali maola angapo kuti dera lakutilakuti likhale tcheru. Mtambo ukayamba kuzungulira, maofesi a zanyengo a m'madera amautsata ndi radar ya mtundu wa Doppler, imene imaona liwiro la mphepo mkati mwa mtambo, ndipo amatulutsa chenjezo lachiwiri louza anthu kuti abisale tsopano. Masayirini amalira, mafoni amalira, wailesi ndi wailesi yakanema zimasiya zonse. Kawirikawiri anthu amakhala ndi mphindi zosapitirira 15 zoti alowe m'zipinda za pansi pa nthaka.

Makina okha sakwanira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Radar siona bwino zochitika pafupi ndi nthaka, choncho pali anthu ophunzitsidwa amene amaima m'misewu ya kumidzi kuyang'ana mitambo n'kutumiza uthenga. Ena amalondola mitamboyo pagalimoto, atanyamula zipangizo zoyezera. Ntchito imeneyi ndi yoika moyo pachiswe. Pa 31 Meyi 2013 kamvulumvulu wa ku El Reno, amene m'lifupi mwake adafika makilomita 4.2, adakula ndi kukhota mwadzidzidzi, napha wofufuza wodziwika Tim Samaras, mwana wake Paul ndi mnzawo Carl Young.

Phindu la ntchito yonseyi lidaoneka ku Greensburg, ku Kansas, usiku wa pa 4 Meyi 2007. Kamvulumvulu adagumula pafupifupi nyumba 95 mwa 100 zilizonse za m'tauniyo. Koma chenjezo lidafika kudakali mphindi zoposa 20, ndipo m'tauni ya anthu pafupifupi 1,500 mudafa anthu 11. Woyerekeza ndi za ku Woodward adzaona chimene zaka 60 za kutsina khutu zidagula.

Komabe mwambiwu uli ndi anthu awiri, wotsina ndi wotsinidwa. Mpaka lero machenjezo ambiri amatha popanda kamvulumvulu kugunda pansi, chifukwa mitambo yambiri yozungulira sibala kanthu, ndipo olosera amasankha kulakwa pochenjeza kusiyana ndi kulakwa pokhala chete. Vuto lake n'lakuti khutu lotsinidwa kawirikawiri limachita dzanzi. Pa 22 Meyi 2011 kamvulumvulu adapha anthu oposa 150 mumzinda wa Joplin, ku Missouri, ngakhale kuti chenjezo lidaperekedwa. Ofufuza a boma adapeza kuti ambiri sadabisale atamva sayirini yoyamba. Adayamba afuna umboni wina, ena kutuluka panja kukayang'ana kumwamba, popeza sayiriniyo adaizolowera. Akuluakulu adaziona kale zoterezi pamene adati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Mbusa wofuna kutsimikiza kaye ngati ndi fisidi amapeza khola lili mbee.

Adzukulu a masiku ano sadzakumana ndi mitambo ya ku Oklahoma, koma mtolo wa Fawbush ndi Miller adzausenza ndithu. Wina adzaona mtsinje ukukwera anzake akufuna kuwoloka. Wina adzaona ming'alu pakhoma la nyumba ya agogo mvula ili pafupi. Wina adzamva a zanyengo akulengeza pa wailesi kuti a m'mphepete mwa phiri asamuke, pamene chaka chatha adalengezanso chimodzimodzi ndipo sipadachitike kanthu. Woonayo anene, ngakhale atasekedwa. Womvayo anyamuke, ndipo ngati choopsacho sichidabwere, pobwerera kunyumba akadzere kwa womutsina khutu uja kukamuthokoza, kuti tsiku lina asadzachite manyazi kumutsinanso.