Ulendo wa Tiana Kuchokera ku Limbe Kufika ku Michiru

Abale athu okondedwa amene mukhala kumidzi, kapena muyesa kuti mwana wa m'tauni aposa wanu pa zonse. Iai ndithu. Mwana wanu adziwa kudambo kumene kuli dongo labwino, aumba ng'ombe ya linunda, asandutsa chitsononkho kukhala mwana wobereka kumbuyo. Koma ku Limbe tapeza tiana timene tidya masuku a pamsika chaka ndi chaka, osaona msuku ndi kamodzi komwe.

Chifukwa chake m'mwezi wa Novembala tinatenga kagulu ka ana a zaka zisanu ndi zisanu ndi chimodzi, ndi amayi ao ena, kunyamuka pa tchalitchi chachikulu cha ku Limbe kulinga ku Blantyre. Mtsinje wa Mudi tinangouoloka. Madzi ake ada ndi zonyansa za mzinda, sayenera kuti mwana apondemo.

Poyamba tinaima pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Si chathu cha Akatolika, ndi cha Mishoni ya Askoti imene inafika kuno mu 1876. Komabe tisabise, nchokongola kwambiri. Anachimanga kuyambira 1888 kufikira 1891. David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzire za mamangidwe, ngakhalenso anthu a dziko lino amene anagwira naye. Njerwa anaziumba ndi kuziotcha pompano. Tsono tinauza ana kuti akhudze khoma ndi manja. Taonani, anayamba kuitanizana, pakuti njerwa zina nzozungulira, zina nzosongoka, zina zili ndi mizere. Kamnyamata kena kanafunsa kuti, "Amayi, kodi nyumba yonseyi ndi dothi?" Inde, ndi dothi lomwelo la ng'ombe zoumba, koma lolowa m'moto.

Masana tinafika ku Chilomoni, kumene kuyambira Njira ya Mtanda yokwera phiri la Michiru. Akristu ochuluka akwerako pa Lachisanu Loyera. Ife ndi miyendo yaing'onoyo tinalekezera m'munsi. Pamenepo tinayala sukulu yathu pa mthunzi, yopanda bolodi ndi choko. Dongo tinali titanyamula m'ndowa. Ena anaumba nkhuku ndi timiphika, ena anasungunula katondo m'madzi najambula pamwala ndi kamtengo kotafuna kunsonga, ena anasanja masamba kuyambira laling'ono kufikira lalikulu, ndiko kuwerenga kwao koyamba. Mayi wina anafuna kukonzera mwana wake nyanga za ng'ombe yake, koma tinampempha aleke. Ng'ombe yopotoka youmba mwana yekha imphunzitsa kuti dongo likachuluka madzi siliima.

Chimene chinatimvetsa chisoni ndi zitsa. Nkhalango ya Michiru ndi yotetezedwa, koma nkhwangwa za ootcha makala zaidya kwambiri. Ndipo amayi aja potembenukira ku phiri la Soche anakhala chete, pokumbukira Malichi wa 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe, anthu ambiri nafa. Papa Fransisko m'kalata yake Laudato Si' ya 2015 anatcha dziko lapansi mudzi wa ife tonse. Koma kodi mwana adzausamala bwanji mtengo umene sadziwa ndi dzina lomwe? A bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, akhazikitsa magulu a zachilengedwe m'masukulu. Ife tiyesa kuti ntchitoyo iyenera kuyamba mwana asanagwire pensulo, ndipo agogo a kumudzi angaichite popanda ndalama.

Msuku tinaupeza potsika. Ana anatola zipatso pansi pake, nadabwa ndi masamba ake aakulu olimba. Nthanga sitinataye: aliyense anakulunga zake m'tsamba, ndipo tinauza amayi kuti azifese m'zitini sabata lomwelo, pakuti nthanga ya suku ikauma simera.