Kwa abale n'kwaulere, inde, koma sitima sidikira munthu

Kuno kwathu ku Machinga ndi ku Balaka, munthu ukangonena kuti ukupita kunja, funso loyamba limakhala lakuti: "Akakulandira ndani?" Palibe amene amafunsa kuti ukagona kuti. Tinazolowera za ku Joni, kumene mnyamata amatsika basi pa Park Station ali ndi nambala ya achimwene ake m'thumba, nkhani ya pogona n'kuthera pomwepo. Tsono ukanena kuti iwe ukungopita kukaona dziko, osati kukasaka ganyu kapena kukaoda katundu, anthu amakuyang'ana ngati mutu wako sukuyenda bwino. Ati ndalama zakuchulukira eti?

Ine sizinandichulukire ayi. Ife olemba nkhani ongodziyimira patokha timalandira malipiro ngati mvula ya chaka cha chilala, lero yagwa, mawa kuli gwa. Ndinasunga pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, n'kugulitsanso mbuzi imodzi, ndipo mu July 2024 ine ndi msuweni wanga, amene amagulitsa kaunjika pa msika wa Balaka, tinanyamuka ulendo wa ku Mozambique. Tinafuna kuona malo atatu: Cuamba, Nampula ndi chilumba cha Ilha de Moçambique. Malo atatu, ndiye kuti pogona patatu, koma thumba limodzi lomweli. Zimene ndinaphunzira pa nkhani ya pogonayi ndi zimene ndikufuna tigawane, chifukwa achinyamata ambiri kuno akulakalaka ulendo wotere koma amabwerera m'mbuyo akaganiza za malo ogona.

Choyamba mudziwe kuti dziko limeneli sili kutali. Njanji yochoka pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, ndipo imakalowa mu Mozambique n'kukathera ku doko la Nacala. Tsiku ndi tsiku timaona mabogi a malasha ochoka ku Moatize akudutsa pakhomo pathu kupita kunyanja ya mchere, koma eniakefe nyanjayo sitinaionepo. Ife tinakwera minibasi pa Balaka mpaka pa Liwonde, ina mpaka pa Nsanama, kenaka kabaza wa njinga yamoto mpaka pa Nayuchi. Kutsidya kwake ndi Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza pakati pa nyanja, pakuti malowa ali pakati pa Chilwa ndi Chiuta. Mmalawi wongokacheza masiku ochepa safunika viza, pasipoti ndi chidindo basi. Kuchoka pamenepo kukafika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 80.

Nkhondo yeniyeni ya ulendowu inachitikira kumudzi tisananyamuke. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'dziko muno, ndipo agogo anga anasunga banja lina pakhomo pawo. Mayi anga aang'ono anakwatiwa m'banja limenelo, mtendere utabwera n'kutsatira amuna awo ku Cuamba. Choncho amalume atamva za ulendo wanga anandiitanitsa.

"Mphwanga, ndamva kuti ukufuna kukagona ku resitihausi ku Cuamba. Mlongo wanga wamwalira kodi?"

"Iyayi amalume, ali moyo, ndipo tikawaona ndithu. Koma kumene amakhala ndi kunja kwa tauni, pomwe sitima ya ku Nampula imanyamuka kusanache bwino."

"Ndiye sitima yaposa mayi ako?"

Funso lotere silikhala ndi yankho labwino. Ndinangowerama n'kunena kuti pobwerera tikagona kwa iwo masiku awiri. Amalume anapukusa mutu, nati ana a masiku ano sukulu yawaononga.

Koma tiyeni tinene zoona, abale anzanga. Kugona kwa wachibale timati n'kwaulere chifukwa amene amalipira si ife. Ukafika, nkhuku imene amasungira Idi imaphedwa. Ana amachotsedwa m'chipinda n'kukagona kwa a neba. Mayi wa pakhomo amadzuka tambala woyamba kukuphikira madzi osamba. Iwenso sungapite chimanjamanja: shuga, sopo, nsalu, kenaka potsanzika kenakake ka ana. Ukawerengera bwino, ndalama yake imafanana ndi ya chipinda, mwinanso kuposa. Chachikulu kwambiri n'chakuti kwa wachibale sungatuluke mdima ulipo ngati wakuba, tiyi usanamwe, pemphero lisanachitike. Sitima ya pakati pa Cuamba ndi Nampula siyenda tsiku lililonse mbali zonse ziwiri. Ukaiphonya, masiku ako asokonekera, ndipo wayamba kudya ndalama ya mzinda wotsatira uli pakhonde pa eni ake.

Ndiye lamulo langa loyamba ndi ili: pogona usasankhe poganizira usiku, sankha poganizira kumene uyenera kupezeka m'mawa. Ku Cuamba tinafunafuna pensão, ndiye resitihausi ya kumeneko, yoti munthu n'kuyenda wapansi mphindi zochepa kukafika pa siteshoni. Tinagula matikiti madzulo ake, pakuti ogula m'mawa amakhala pa mzere wa thukuta. Masana tinakwera njinga kukaona mayi aang'ono, tinasiya shuga ndi sopo, tinadya nsima, tinajambulitsa, dzuwa lisanalowe n'kubwerera ku tauni. Chipinda chathu chinali cha bedi limodzi ndi mphasa, chimbudzi panja, madzi a m'ndowa. Sitinadandaule. Pa malo ongodutsa munthu sulipira kukongola kwa makatani, umalipira loko wa pachitseko ndi kufupika kwa njira.

Sitima ija inatidya tsiku lonse pa mtunda wa makilomita oposa 300. Ikaima pa Malema kapena pa Ribáuè, amayi amathamangira m'mawindo ndi anyezi, adyo, tomato ndi nthochi, ndipo bogi lonse limasanduka msika. Mapiri a miyala ya m'njira imeneyi ndi aakulu moti Chikala wathu angaoneke ngati chulu. Koma kukoma kwa ulendowu kuli ndi mchira wake: umafika ku Nampula kutada kapena kukuda kumene, uli wotopa, chinenero chili Chipwitikizi ndi Chimakua. Amene amamva Chilomwe amatolako mawu apa ndi apo, koma Chiyao chimene chinatithandiza ku Cuamba, kuno chinayamba kutha mphamvu.

Apa ndi pamene pamabwera lamulo lachiwiri: mzinda umene ukafike usiku, pogona pake uzikonzeratu usananyamuke. Nampula ndi mzinda waukulu kuposa ina yonse ya kumpoto kwa Mozambique, si pa Ntaja pomwe aliyense amadziwa agogo ako. Munthu wongotsika sitima, chikwama kumsana, maso ali mwazumwazu kufuna chikwangwani, akuchita kulengeza yekha kuti ndi mlendo. Anyamata a pa siteshoni amakuthamangira, aliyense ati akudziwa malo abwino otchipa, koma iwo amalandirako kenakake kwa mwini malowo, ndipo kenakakeko kamachoka m'thumba mwako. Ife tinali titagula kale simu ya Movitel ku Cuamba. Mwana wa mayi aang'ono, amene Chipwitikizi ndi chake, anatiimbira foni pa malo awiri, n'kufunsa mtengo, n'kufunsa ngati pali mlonda usiku, n'kutilembera dzina la msewu pa pepala. Wachibale amathandiza chonchi koposa kukupatsa mphasa.

Ngakhale mutagwirizana pa foni, ndalama musatulutse musanaone chipinda. Zithunzi za pa intaneti zimajambulidwa tsiku lopaka penti. Lowani, yesani loko, tsegulani mpopi muone ngati ukutulutsa madzi kapena mphepo, yang'anani neti ngati ilibe zibowo, tukulani matilesi muone m'mphepete mwake ngati mulibe nsikidzi. Kenaka tulukani panja mumvetsere. Ngati khoma la chipinda lagundana ndi bala, inu a pa Liwonde ndi pa Balaka mukudziwa kale mtundu wa malo amenewo. Zipinda zake sizogonamo anthu apaulendo, zitseko zimangoti phwa! phwa! usiku wonse, ndipo pasipoti yako simalo ake amenewo. Malo oyamba amene tinaona anali otere, ngakhale pa foni anatiuza kuti ndi a mabanja. Msuweni wanga anangondikodola nati: "Aise, kuno tikagona tidzuka opanda nsapato." Tinapita pa malo achiwiri, okwererapo mtengo pang'ono, a geti ndi mlonda wachikulire, ndipo tinagona ngati makanda.

Lipirani usiku umodzi umodzi, ndipo pemphani lisiti. Mukalipiriratu masiku atatu kenaka madzi n'kusowa tsiku lachiwiri, ndalama yanu simudzaionanso, makamaka ngati simutha kukangana m'chinenero chawo. Funsaninso bwino nambala imene akutchula, ngati n'kotheka akulembereni. Mu 2006 Mozambique inachotsa maziro atatu pa ndalama yake ya metical, ndipo munthu wosazolowera amasokonezeka msanga akamva mitengo ikutchulidwa mothamanga. Za kwacha yathu ndiye musanene. Chiigwetsereni ndi 44 peresenti mu November 2023, Mmalawi akasintha ndalama pamalire amabwerako ndi timapepala tochepa, nkhope ili yakugwa. N'chifukwa chake ndalama yobwererera kwathu tinaisokerera m'thumba la mkati, n'kulumbira kuti imeneyo si ya chipinda, zivute zitani.

Lamulo lachitatu ndi limene anthu ambiri salidziwa: ndalama ya pogona isagawidwe mofanana. Pali malo ongodutsa, pali malo amene wadzera ulendo wonsewo. Ife tinadzimana ku Cuamba, tinalipira chitetezo ku Nampula usiku uwiri, kuti tikakhale masiku anayi ku Ilha mtima uli m'malo. Chapa, ndiye minibasi ya kumeneko, imachoka ku Nampula m'mamawa, kudutsa pa Namialo ndi Monapo, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, n'kukafika pa mlatho wopapatiza wotalika makilomita oposa atatu pamwamba pa nyanja. Ine mwana wa m'mbali mwa Shire, amene ndinkayesa kuti mlatho wa pa Liwonde ndiye mapeto a zonse, ndinangoti kukamwa yasa.

Chilumbachi n'chaching'ono, m'litali mwake makilomita atatu okha, koma chinali likulu la Apwitikizi m'dzikomo mpaka 1898, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse. Chili ndi mbali ziwiri. Kumpoto kuli nyumba zakale za miyala, linga la São Sebastião ndi katchalitchi komangidwa mu 1522. Kumeneko nyumba zina anazikonza n'kukhala mahotela a azungu, mtengo wa usiku umodzi wokwana kugula mbuzi yanga ija. Kumwera kuli Macuti, kumene kumakhala eni nthaka, dzina lochokera ku masamba a kokonati amene amafolerera nyumba. Nyumba zake zili m'munsi mwa msewu chifukwa miyala yomangira mbali ya mabwana ija inakumbidwa kumeneko. Ngakhale pa chilumba, wosauka amagona m'dzenje limene wolemera anasiya.

Ife tinapeza chipinda pakhomo pa mayi wina wachikulire amene amachititsa lendi alendo, pafupi ndi malire a mbali ziwirizi. Funso lathu loyamba linali la madzi, pakuti pa chilumba madzi akumwa ndi a mtengo wapatali, ndipo nyumba zakale zinamangidwa ndi zitsime zosungira a mvula. Mayiwo anationetsa migolo yawo yodzaza, tinagwirizana. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho msuweni wanga, amene sadya nyama yosadziwa wozinga, anapuma. Azana ya m'bandakucha inkamveka ngati tili kwathu ku Machinga. Mayi aja ankatiphikira mpunga wa kokonati ndi nsomba, n'kutiuza mtengo weniweni wa bwato kuti asatibere. Madzulo ena tili pagombe anatilozera kutsidya, ku Mossuril. Kumeneko ndi kumene amalonda a Chiyao ankafikitsa minyanga ya njovu m'zaka za m'ma 1700, atayenda wapansi kuchokera kumtunda kuno, ndipo pambuyo pake njira zomwezo zinadutsa anthu ogwidwa ukapolo. Ndinakhala chete nthawi yaitali. M'hotela ya mageti ataliatali ndani akanatilozera zimenezi?

Pobwerera tinasunga lonjezo. Tinagona kwa mayi aang'ono ku Cuamba masiku awiri, opanda sitima yotithamangitsa. Tinathandiza kutonola chimanga, tinamva nkhani za nthawi ya nkhondo mpaka pakati pa usiku, ndipo nkhuku ija inafadi, koma inafera alendo okhala pansi, osati ongoyang'ana wotchi. Kucheza ndi wachibale ndi ulendo pawokha, kumafuna masiku akeake. Kumusandutsa resitihausi yongogonapo n'kumadzuka kuthawa ndiye chipongwe chenicheni, ngakhale akuluakulu ena amaona ngati ndiwo ulemu. Amalume mpaka lero sanavomereze kuti ndinachita bwino, koma kapulana imene mlongo wawo anawatumizira kuti apatse akazi awo anailandira ndi manja awiri.

Mawu otsiriza apite kwa inu eni maresitihausi a pa Balaka, pa Liwonde ndi pa Ntaja. Anzathu a ku Mozambique nawonso amabwera kuno, ena kudzagula katundu, ena kuchipatala, ena kudzaona njovu ku Liwonde National Park. Akafika usiku atatopa, nawonso amayesa loko, amatsegula mpopi, amatukula matilesi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene waona amakazinena kwawo. Nanga inu mwakonza kuti akanene zotani?