Mono wa Abambo

Ruo akakwiya nakumana ndi Shire pa Chiromo, ife a kumunsi timadziwa kuti tulo tatha. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe Freddy atadutsa, amayi anagona masabata awiri m'kalasi ya sukulu ina ya kumtunda. Machenjezo analipo ndithu, koma anamwazikana m'mafoni a anthu, ena m'Chisena, ena m'Chimang'anja, popanda wowasonkhanitsa.

Tsono chaka chotsatira, posankha ntchito yomalizira maphunziro, ndinati ndilembe pulogalamu yowerenga mauthenga otere ndi kutolamo zitatu: malo, nthawi ndi msinkhu wa madzi. Chida chogawa chiganizo m'zidutswa chotere akatswiri amachitcha parser. Zinenero zakale za kompyuta zili nazo zopangapanga: C ali ndi yacc, imene Stephen Johnson analemba ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, Java ali ndi ANTLR ya Terence Parr. Koma ine, mwa unyamata, ndinakopeka ndi Zig, chinenero chimene Andrew Kelley anachionetsa poyera mu 2016, khanda lomwe pa nthawiyo linali lisanafike pa 1.0.

Nditafufuza usiku wambiri ndinapeza laibulale imodzi ya munthu wina. Inandithandiza mwezi wathunthu. Tsiku lina nditaika Zig watsopano, zonse zinaima, pakuti malamulo a chinenerocho anali atasintha ndipo laibulale ija inatsalira. Akulu anati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka.

Patchuthi ndinapeza abambo pansi pa mtondo akuluka mono. Nditawadandaulira m'mawu amene akanawamva, sanadzutse mutu.

"Mwanawe, mono wa ku Dambo la Ndindi sugula ku Limbe. Umaluka wekha, poyang'ana nsomba za kwanu."

Nditabwerera ku koleji ndinaluka wanga ndi manja. Lamulo lililonse ndinalipatsa kachigawo kake: kena kozindikira dzina la mudzi, kena ola, kena mawu onga "m'mawondo" ndi "m'chiuno", ndipo kalikonse kamaitana kanzake monga bango lilowera pa bango. Mizere yake ndi yochepa, koma uliwonse ndikuudziwa.

Komabe uthenga umodzi umaugonjetsa mpaka lero. Ndi wa amalume, ndipo umati: "Madzi afika pa mtondo wa agogo ako." Makinawo sadziwa mtengowo. Ine ndikuudziwa, ndipo ndikudziwa kuti pamenepo mbuzi zapita kale.